Gazolyo amene ankasowa pa msewu wa ku Tete

Ntchito yanga yoyamba ya umotorista ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Fonte Boa. Karta yoyendetsera galimoto ndinali nayo chaka chathunthu, koma inkangogona m'chikwama, ine ndikupalira kachewere m'munda mwa bambo anga. Lamulungu lina titatuluka m'Misa, akatekisita anandikoka dzanja n'kukandiimika pamaso pa mayi wina wamfupi wovala magalasi, a Dona Rozariya. Mayiwa anabwerako ku Malawi nkhondo itatha ali ndi mtolo umodzi pamutu, koma pofika nthawi imeneyi anali ndi galimoto yawoyawo yonyamula kachewere kuchokera ku Domwe kupita kumsika wa ku Tete. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Umamwa?"

"Ayi, mayi."

"Onse amatero. Ubwere mawa."

M'mawa mwake pabwalo lawo ku Ulongwe anandionetsa galimotoyo, yoyera, ya matayala anayi kumbuyo, yokalamba koma yosamalika. Kenako anandionetsa chinthu chimene ankachikhulupirira kuposa munthu aliyense: ndodo yansungwi yowongoka bwino, yokhala ndi mzere umodzi wocheka ndi mpeni. Ponyamuka ankadzaza okha tanki pa bomba la mafuta, mpaka gazolyo, ndiye kuti dizilo, kuonekera pakhosi. Tikabwerako ku Tete ankalowetsa ndodoyo m'tanki, n'kuitulutsa, n'kuiyang'anitsitsa. Ikanyowa mpaka pamzere, zinthu zili bwino. Ikanyowa kulekeza m'munsi, ndiye kuti wina wamwa.

Anandiuzanso kuti motorista amene analipo ine ndisanabwere anamuchotsa chaka chapitacho chifukwa cha ndodo yomweyo. Munthuyo ndinkamudziwa. Palibe amene anamupatsanso makiyi mu Ulongwe monse, ndipo ankanyamula makala panjinga. Kwathu kuno motorista akhoza kugwetsa galimoto m'ngalande anthu n'kumukhululukira, koma akangotchedwa wakuba gazolyo, basi zake zada. Ine ndinavomereza ndi mutu, mumtima ndikuti mbava ija inalandira zoyenera.

Sindinkayenda ndekha. Pampando wa pambali panga pankakhala a Bonifasiyo, mlongo wawo wamkulu wa a Dona, amene tonse tinkawatchula kuti a Titiyo, kutanthauza amalume. Anali bambo wa imvi, wosalankhulalankhula, wa chipewa chansalu chimene sankachivula ngakhale m'galimoto. Ntchito yawo inali kugulitsa kachewere kumsika ndi kugula mchere ndi nsomba zouma zobwera nazo. Ntchito ina imene sanaitchule koma ndinkaidziwa inali kundilondera ine.

Ulendo unkayenda chonchi. Kukacha ndinkasolola vareta kuona mafuta a motoro, kuthira madzi m'radiyadoro, n'kuzungulira galimoto ndikumenya tayala lililonse ndi chitsulo chomasulira matayala. Tayala lokhuta limalira mokweza, lofooka limangoti phu. Tikapakira matumba tinkatsika mapiri mpaka ku Musakama, pamphambano pamene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu wa ku Tete. Pamenepo tinkaima kuti ndidye kenakake pabaraka, a Titiyo n'kutsala pagalimoto kulondera katundu. Tinkagona ku Tete, ndipo pobwerera tinkaimanso pa Musakama pomwepo.

M'miyezi yozizira ndodo inkanyowa mpaka pamzere ulendo uliwonse. A Dona anayamba kundiitana kuti "mwanawe", tsiku lina mpaka anandipatsa nkhuku yoti ndikapatse amayi anga. Ndinayamba kuyenda mumsika wa Ulongwe makiyi ali pachala, kuti asaone ndani.

Kenako unafika mwezi wa Otubulo. Amene sanatsikeko ku Tete m'mwezi umenewu asamanene kuti dzuwa amalidziwa. Ife a kumapiri timanyamuka titavala majuzi, koma ukangodutsa Musakama mphepo yolowa pawindo imakhala ngati ya m'ng'anjo ya njerwa. Chiwongolero chimawotcha manja. Madzi a m'botolo amasanduka oti n'kuviikamo tiyi.

Ulendo woyamba wa mwezi umenewo ndodo inaperewera chala chimodzi. A Dona anaipukuta n'kuilowetsanso, ngati kuti yalakwitsa ndi ndodoyo. Ulendo wachiwiri inaperewera zala ziwiri.

"A motorista," anatero, "galimoto yanga yayamba ludzu, kapena ludzu lili ndi inu?"

Mawu akuti "mwanawe" anathera pomwepo. Munthu amene ankakuti iwe akayamba kukupatsa ulemu wa inu, dziwa kuti madzi achita katondo. Ndinalumbira, ndinatchula dzina la akatekisita, koma iwo anangopita m'nyumba n'kubwerako ndi kadiyado kakang'ono kamkuwa. Anakhoma chitsekero cha tanki, kiyi n'kumangirira pakona ya chitenje chawo.

Ulendo wachitatu, tanki ili yokhoma, ndodo inaperewerabe zala ziwiri. Ine ndinaganiza kuti kadiyado kandiyeretsa. Ayi ndithu. A Dona anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto, kufunafuna paipi imene ndinamasula. Anafunsa onyamula matumba ngati ndagula foni yatsopano. Anatuma munthu kukaona ngati kwathu kwabwera malata. Onyamula matumba nawonso anayamba kusiya nkhani ndikamayandikira.

Tulo tinandithawa, ndipo mutu wanga unayamba kugwira ntchito imene sunatumidwe. Ine ndinkadziwa kuti sindinabe. Tsono ngati gazolyo akusowa, ndipo m'galimoto timakhala awiri, wotsalayo ndani? Ndinayamba kukumbukira tinthu. A Titiyo sankatsika kukadya pa Musakama, ngakhale njala itavuta chotani. Miyezi yozizira ankangokhala pampando n'kumawodzera, koma chiyambire kutentha ndinkawapeza ali panja, mawondo a buluku ali fumbi. Pambali pa msewu pomwepo panali bambo wina womata matayala, wokhala ndi makina opopera mpweya pansi pa mtengo, ndipo kuseri kwa matayala ake akale kunkaoneka zigubu za gazolyo wogulitsa. Pobwerera ulendo wina ndinaona a Titiyo ndi bamboyo akupatsana kanthu m'manja, atandiona n'kusiyana msanga. Nanga kiyi wa kadiyado? Mlongo wake wa mwini galimoto angalephere kusulitsa wina?

Zonse zinagwirizana bwino kwambiri moti ndinadzitama kuti ndine wochenjera. Ndinafika poganiza kuti motorista wa makala uja anafera mlandu wa mdala ameneyu, ndipo ine ndine mbuzi yachiwiri.

Komabe ndinati ndiyambe ndaonetsa galimoto kwa a Mesitere Zakariya, amakaniko amene ali ndi ofisina yokonzera magalimoto kuseri kwa msika. Anamvetsera nkhani yanga akupukuta manja, osadabwa ngakhale pang'ono. Anatsegula chibokosi cha filitulo ya mpweya n'kuitulutsa. Inali yofiira ndi fumbi la m'misewu ya ku Domwe. Ataipopera ndi mpweya, fumbi linadzaza ofisina yonse.

"Mphuno zikatseka, motoro amamwa kwambiri," anatero. "Nanga ukamatsitsa katundu ku Tete umazimitsa?"

Sindinkazimitsa. Ndinkaopa kuti motoro wotentha akana kulira, choncho ankangolira pamsika mpaka thumba lomaliza litatsika. Anandifunsa liwiro, ndinavomera kuti m'chigwa cha ku Tete ndinkaponda kwambiri pofuna kuthawa dzuwa. Anandiuza kuti ndizinyamuka m'bandakucha kuti chigwa ndichidutse dzuwa lisanakwere, ndiziyenda liwiro limodzi osati kuthamanga n'kumaima, ndizizimitsa paliponse pamene ndaima kupitirira nthawi yomwera madzi, ndiponso ndichotse zitsulo ndi matabwa osafunika amene ankangoyenda nafe. Atafika pa matayala ndinawadula mawu, ndinati ndimawamenya m'mawa uliwonse.

"Khutu si sikelo," anatero. Anandibwereka choyezera mpweya, kachitsulo kooneka ngati cholembera, n'kundionetsa manambala olembedwa pakachitsulo ka pachitseko cha motorista. "Uziyeza m'mawa tayala lili lozizira. Likatentha mpweya umakwera wokha, usauchotse. Tayala lofooka limakoka galimoto, limamwetsa gazolyo, ndipo ndi lomwelo limaphulika."

Ndinathokoza, kachitsuloko n'kuika m'thumba la malaya. Kunena zoona, mawu awo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ine wakuba ndinali nditamupeza kale, chimene chinatsala n'kumugwira.

Madzulo a tsiku limenelo a Dona anandiitana. "Ulendo wa mawa ndi womaliza. Ndodo ikaperewera, makiyi musiye patebulo, musadikire kuti ndikuuzeni."

Tinanyamuka kusanayere bwino. Matayala ndinawayeza pabwalo, onse anali okwana. A Titiyo anandiyang'ana ndikuyeza, n'kufunsa kuti kachitsuloko ndakatenga kuti. Ndinayankha mwachidule, mumtima ndikuti mwayamba kutekeseka eti. Njira yonse yotsika mapiri sitinalankhulane. Pa Musakama tinafika dzuwa litangoyamba kuluma, malo atadzaza kale: mashapa awiri, maminibasi opita ku Tete, amayi ogulitsa nthochi ndi mazira owiritsa, anyamata a njinga zamoto.

"Ndikukadya," ndinatero.

"Pita, mwanangu. Usafulumire."

Usafulumire! Ndinalowa m'baraka, n'kutulukira khomo la kumbuyo, n'kuzungulira kuseri kwa mulu wa makala. Kuchokera pamenepo ndinkaona mbali ya galimoto imene kuli tanki. Sipanapite nthawi. A Titiyo anatsika, anayang'ana kubaraka, anayang'ana uku ndi uku, n'kunyonyomala pafupi ndi tanki, msana atalozetsa kwa ine. Womata matayala uja anabwera n'kuima pambali pawo, manja m'chiuno.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanayenda masitepe khumi okha mwakachetechete, ndikanaona zonse. Koma ine ndinali ndi masabata atatu a mkwiyo pakhosi. Ndinatuluka kuseri kwa makala ndikuthamanga, ndikukuwa ndi mawu anga onse:

"Wakuba! Wakuba gazolyo! Ndakugwirani lero!"

Mawu amenewo pamsika sabwezeka. Anthu anakhamukira pagalimoto ngati anali kudikira. Ndisanafike n'komwe, mwamuna wina wa mushapa anali atagwira kale a Titiyo pakolala n'kuwadzutsa. Wina anawamenya khofi, chipewa chija n'kugwera m'fumbi. Amayi ena ankakuwa kuti mdala wopanda manyazi. Womata matayala ankayesa kulankhula koma mawu ake ankamira.

Nditafika ndinayang'ana pansi kufuna chigubu. Panalibe chigubu. Panalibe paipi. Kadiyado kanali kokhoma monga anakakhomera a Dona. M'dzanja la a Titiyo munali kamtengo ka machesi, ndipo pansi panali kachivindikiro ka pakamlomo ka tayala lakumbuyo.

"Asiyeni!" womata matayala anakuwa, tsopano akukankha anthu. "Akuphwetsa matayala awa! Amatero ulendo uliwonse kukatentha, pobwerera ndimawapopera ine. Gazolyo wake uti?"

Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, ena akuseka, ena akung'ung'udza kuti awonongeredwa nthawi. Amene anamenya khofi uja anasowa osadziwika kolowera. Ndinatola chipewa n'kuchikuntha. A Titiyo anachilandira osandiyang'ana. Mlomo wawo unkatuluka magazi pang'ono, ndipo mutu wawo ndinauona koyamba tsiku limenelo, wadazi pakati, wa munthu wokalamba kuposa mmene ndinkaganizira.

Womata matayala ndi amene anandikokera pambali n'kundiuza. Zaka zapitazo, mwezi ngati womwewu, mwana wamwamuna wa a Titiyo anakwera shapa kupita ku Tete kukayamba sukulu ya uphunzitsi. Chakufupi ndi Moatize tayala linaphulika, shapa n'kugubuduzika, mwanayo n'kufera pomwepo. Anthu anauza bambo ake kuti tayalalo linakhuta kwambiri, dzuwa n'kulifufumitsa. Chiyambire pamenepo, kukatentha, a Titiyo sankalola kulowa m'chigwa ndi matayala okhuta. Ankadziwa kuti motorista aliyense akana, n'chifukwa chake ankachita mobisa, ndipo wopopa ankamulipira ndi ndalama za m'thumba mwawo.

"Ndinawauzapo kuti n'kulakwitsa," bamboyo anatero. "Koma munthu woti anaika mwana m'manda ungamuuze chiyani?"

Ndinkadziwa kuti a Titiyo anataya mwana, koma sindinafunsepo kuti anafa bwanji. Miyezi inayi ndinakhala nawo mpando umodzi. Ndinakumbukiranso kuti m'chigwa chiwongolero chinkalemera, iwo n'kumandiuza kuti ndi phula lafewa ndi dzuwa, ine n'kukhulupirira. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Koma ulendo unali usanathe, ndipo ntchito yanga inali idakali pa ndodo ija. Ndinatulutsa choyezera. Tayala limene anayamba kuphwetsa linali litatsika kale kwambiri. Ndinapempha womata matayala kuti alibwezere mpweya mpaka lifanane ndi anzake. Kenako ndinagwada pamaso pa a Titiyo, pamsika pomwepo.

"A Titiyo, ndalakwa. Ndikhululukireni. Koma matayalawa ndikupempha tipite nawo chonchi. Lofooka ndi limene limatentha n'kuphulika, a Mesitere Zakariya anandiuza dzulo."

A Titiyo anavala chipewa chawo. "Galimoto ukuyendetsa ndiwe," anatero, n'kukwera.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Ndinayenda liwiro limodzi, osathamanga. A Titiyo anatulutsa korona m'thumba, dzanja lina atagwira chitseko zolimba, milomo ikuyenda. Galimoto ikaponda kadzenje ankatseka maso. Ine ndinkadziwa kuti a Mesitere sananame, komabe thukuta limene linkatsika kumsana kwanga silinali la dzuwa lokha. Tikuyandikira Moatize ndinaima pamthunzi wa mlambe, ndinazimitsa motoro, n'kuwapempha kuti atsike akhudze matayala. Ndi kumbuyo kwa dzanja anakhudza limodzi, kenako lina, kenako onse.

"Masiku onse pofika pano sakhudzika," anatero chapansipansi.

Anaima pamenepo akuyang'ana msewu. Ndinazindikira zimene zinkayenda m'mutu mwawo: kuti zaka zonsezi, pofuna kutipulumutsa, ankatiyandikizitsa ku imfa yomwe inatenga mwana wawo. Tinakwera n'kupitiriza.

Ku Tete ndinazimitsa motoro potsitsa katundu, ndipo analira bwinobwino nditamuyatsanso. M'mawa mwake ndinayeza matayala ali ozizira, tinanyamuka molawirira. Pa Musakama sindinaime.

Nkhani inali itafika kale ku Ulongwe, chifukwa shapa imathamanga kuposa galimoto ya katundu ndipo foni imaposa zonse. A Dona anatidikira pabwalo, ndodo ili m'manja. Anamasula kadiyado, analowetsa ndodo, anaitulutsa. Inanyowa mpaka pamzere, n'kupitirira pang'ono. Anaiyang'ana, anayang'ana mlomo wotupa wa mlongo wawo, kenako ine.

"Sunabe," anatero. "Koma pakamwa pako mpoipa."

Ndinayamba kufotokoza za filitulo, za kuzimitsa motoro, kuti gazolyo wina ndinkamuwononga ndine ndi phazi langa, kuti mlandu si wa matayala okha. A Titiyo anakweza dzanja kundiletsa.

"Za matayala wanena zoona, mwanangu, ndaona ndekha. Ndinalakwa ndine. Koma dzina wandipatsa pa Musakama lija, adzandichotsere ndani?"

Ntchito ndinaisunga, ndipo ndinayendetsa galimoto imeneyo zaka zina zitatu. A Titiyo sanakwerenso. A Dona anayamba kutuma munthu wina wogulitsa, a Titiyo n'kubwerera kumunda kwawo ku Domwe. Ndinapitako kawiri kukapepesa, anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi chimanga chootcha, koma pamsewu uja anakana kubwererapo. Ndinayesa kukonza zimene ndinawononga. Ndinafotokozera amayi a nthochi, a pabaraka, a njinga zamoto, aliyense amene akanamva. Onse ankavomera kuti inde, zinali za matayala. Koma patapita chaka, nditaima pa Musakama, mayi wina wogulitsa mazira anandifunsa akumwetulira kuti, "Kodi mdala wanu wa gazolyo uja ali bwanji?"

Lero ndimayendetsa galimoto ina, ndipo achinyamata akandifunsa mmene angasungire gazolyo m'chilimwe ndimawauza zimene ndinaphunzira: yeza matayala m'mawa ali ozizira, lotentha usalichotse mpweya, filitulo izikhala yoyera, nyamuka dzuwa lisanakwere, ukaima zimitsa, phazi likhale lopepuka. Zimenezi amazimva msanga. Chimene ndimawauza pomaliza ndi chimene chinandidyera munthu wabwino. Ukaona wina wanyonyomala pafupi ndi tanki yako, tseka pakamwa, yenda ukafike, uyambe waona chimene chili m'manja mwake.